Jinja wolima ndi jinja wakutchire: anzathu akuchita bwanji?

Ku Tanzania jinja, amene iwo amati tangawizi, ndi mbewu ya m'munda ngati chinangwa kwathu kuno. Alimi a m'boma la Same ku Kilimanjaro ndi a ku Madaba m'chigawo cha Ruvuma amakolola, kugulitsa, n'kusunga mbewu ya chaka chamawa.

Kumwera kwa Africa zinthu sizili choncho. Kuli jinja wakutchire, Siphonochilus aethiopicus, amene Azulu amati isiphephetho ndipo amachizira chifuwa, chimfine ndi mphumu. Anthu amazula tsinde lonse osasiyako kanthu, moti m'tchire la KwaZulu-Natal ku South Africa anatheratu, ogulitsa ku Johannesburg n'kuyamba kudalira wochokera ku Mozambique. M'chaka cha 2016 mgwirizano wa maiko wa CITES, woona za malonda a zomera ndi nyama zakutchire, unaika malire pa malonda a chomerachi m'maiko anayi: Mozambique, South Africa, Eswatini ndi Zimbabwe. Chimameranso kuno ku Malawi, ndiye tisadikire kuti chithe. Ku Zambia amathyola zipatso zofiira zowawasa za intungulu, m'bale wake wa jinja, mizu n'kuisiya pansi. Kumeneko ndiye kudya moganizira mawa.

Ife a ku Nkhotakota njira yotiyenera ndi ya a Tanzania, chifukwa mvula ndi kutentha tili nazo. Dulani jinja wokhwima m'zidutswa za masentimita 3 mpaka 5, chilichonse chikhale ndi diso limodzi kapena awiri, muziyanike pamthunzi masiku awiri kuti bala liume. Bzalani mvula yoyamba ikalowerera, kuya masentimita 5, kutalikirana masentimita 25, pamizere yokwezeka yothira manyowa owolerana bwino. Phimbirani ndi udzu kapena masamba a nthochi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi madzi. Jinja amakonda chinyontho koma dambo la mpunga salifuna. Madzi akaima masamba amachita chikasu kuyambira m'munsi, tsinde limazuka mukangolikoka pang'ono, pansi mupeza zofewa zonunkha. Zoterezo zulani mukatenthe, ndipo malowo musabzalepo jinja zaka zitatu. Pamene tomato anafota mwadzidzidzi pewaniponso.

Kukolola ndi pakatha miyezi 8 kapena 9, masamba akauma okha. Mukafulumira, jinjayo amakhala wamadzi ndipo amanyala msanga pamsika. Wambewu musamutsuke, mukwirireni mumchenga wouma pamthunzi.

Asing'anga amene amakumba wakutchire angathe kumubzala kuseri kwa nyumba mwa njira yomweyi, pansi pa mtengo wa mango pomwe dzuwa limalowa pang'ono.