Buku lachiwiri la mavampaya lija landigwiritsa fuwa lamoto

Abale, ndamaliza kuwerenga usiku wathawu cha m'ma 2 koloko ndipo mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Dzina la bukulo sinditchula, amene mumanditsatira mukudziwa kale lomwe ndakhala ndikulilira chaka chonsechi, ndipo amene simunawerenge musade nkhawa sindiulula mathero, ngakhale kunena zoona mulibenso mathero oti munthu nkuulula kkkk.

Loyamba lija ndinaliwerenga katatu. Katatu! Ndipo chomwe chinandikoka sichinali mano kapena magazi ayi, zimenezo zili m'buku lililonse la mavampaya, zilombo zija zooneka ngati anthu zoyamwa magazi. Unali mzinda uja. Mtsikana wathu amagwira shifiti ya usiku ku mochale, malipiro ochepa, lendi ikumuthamangitsa mwezi ndi mwezi, kenako akuyamba kuona kuti mitembo ina ikubwera youma magazi koma pamapepala alemba kuti ndi matenda a mtima. Nde mavampaya akewo anali ndi mavuto enieni a munthu wokhala mtauni, munthu wosakalamba apanga bwanji ndi chiphaso chake pomwe nkhope ndi yomweyo zaka 200, asunga bwanji ndalama ku banki osakayikiridwa, adutsa bwanji pa ma CCTV. Umachita kumva kuti moyo wosafawo ndi ngongole yomwe akubweza usiku uliwonse.

Ndiye panali chaputala cha pakhomo chija. Amene munawerenga mwadziwa kale. Vampaya sangalowe m'nyumba ya munthu asanaitanidwe, ndiye mnyamata wa m'nkhaniyi, yemwe ndi vampaya, wavulala, waima panja pa chitseko, kunja kukuyamba kuyera ndipo dzuwa likamupeza afa, mtsikana ali mkati dzanja lili pa loko, akudziwa kuti akangoti "lowa" mawuwo sadzabwezanso, adzalowa tsiku lililonse lomwe wafuna mpaka kale. Masamba 15 anthu awiri akungoyankhulana kudzera pachitseko koma ine ndinali nditasiya kupuma. Mantha onsewo amachokera pa lamulo limodzi basi.

Nde lachiwirili latani? Tisanafike ndi patsamba 50 pomwe, mnyamata uja wapatsidwa mphete. Mphete yakalekale yomwe palibe anaitchulapo m'buku loyamba, akangoivala amayenda padzuwa bwinobwino ngati ine ndi inu. Ndinatseka buku nkuyang'ana kudenga kaye. Kupitirira pang'ono, mdani watsopano wathyola chitseko walowa m'nyumba ya mtsikanayo popanda womuitana, chifukwa chake akuti ndi "wamkulu kwambiri, malamulo samugwira". Aaa ayi. Ndiye ife tinkanjenjemereranji pakhomo paja?

Musandimve molakwa, sindikunena kuti malamulo a mavampaya anagwa kumwamba. Wolemba aliyense amasankha ake. M'buku la Dracula la Bram Stoker la 1897 lija, vampaya Draculayo amayenda masana m'misewu ya London, kungoti mphamvu zake zimachepa, dzuwa silimupha. Zoti vampaya amafa dzuwa likatuluka zinatchuka ndi filimu ya ku Germany ya Nosferatu mu 1922. Choncho ukafuna vampaya wako aziwothera dzuwa, zako zimenezo, ine ndilibe nazo vuto. Koma unene poyamba! Stoker anaika malire ake ndipo nkhani yonse inayenda pa malirewo, Dracula amayenera kugona m'dothi la kwawo, nchifukwa chake anabwera ndi mabokosi 50 a dothi pa sitima yapamadzi yomwe inakocheza ku Whitby ku England, ndipo omusakawo ntchito yawo inali yofufuza mabokosiwo limodzilimodzi nkumawawononga mpaka anatsala ndi limodzi lokha lothawa nalo kubwerera kwawo ku Transylvania. Mwaona? Kufooka kwa chilombocho ndi komwe kunabala nkhani. Ukachotsa kufookako watsala ndi chani, mnyamata wooneka bwino wovala jekete lakuda yemwe sadya. Ameneyo si vampaya, ndi chibwenzi chovuta basi.

Ndipo chomwe chandipweteka kwambiri ndi mtsikana uja. Ndinkamukonda chifukwa anali munthu wamba, chida chake chinali maso ndi kuuma mutu, amaona zomwe madokotala akuluakulu amadumpha dala. Pano mwadzidzidzi pali ulosi wa zaka 1,000, magazi ake ndi apadera, agogo ake a agogo ake anali mfumukazi ya kaya chani kaya, aliyense akumufuna. Ku mochale kuja sanapondeko ngakhale kamodzi buku lonse, kaya anamuchotsa ntchito kaya ali pa holide, lendi akulipira ndani sitikudziwa. M'buku loyamba amafufuza, m'lachiwirili amangonyamulidwa, uyu wamuba, uyo wamupulumutsa, wakomoka, wadzuka pabedi la silika m'nyumba yachifumu, wakomokanso. Ndinayamba kuwerenga kuti wakomoka kangati ndinasiyira pa 6.

Za mzinda nde musakambe. Theka la buku tili m'chinyumba cha akuluakulu a mavampaya kutali ndi tauni, misonkhano yokhayokha, mabanja 7 aliwonse ndi mbiri yake, mayina ovuta kutchula omwe umaiwala ukangotembenuza tsamba. Ine ndinabwerera misewu ya usiku, mabasi omaliza, magetsi a m'mashopu otseka, mantha oti amene wakhala pafupi nawe mwina sapuma. Zamisonkhano ndimazipeza kale kuntchito.

Kenako anabweretsa wachitatu, munthu wosanduka mmbulu, malaya savala, ntchito yake kuchita nsanje. Pali afiti, pali angelo akugwa, pali chipata chopita kudziko lina. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chilichonse mwa zimenezi pachokha chikanatha kukhala buku labwino, koma zathiridwa mumphika umodzi palibe chomwe chapsa.

Ndisaname, muli zabwino pang'ono. Muli kachigawo kena komwe vampaya wachikazi wokalamba amapita kumanda a mwana wake yemwe anamwalira ali nkhalamba ya zaka 80 pomwe iye mayiyo akuonekabe wa zaka 25, masamba atatu okha koma ndinamva kuti wolemba uja akadali moyo penapake mkatimu. Ndipo nchimene chikundikwiyitsa kwambiri, luso ali nalo, sikuti latha. Ine ndikuganiza kuti loyambalo analilemba mosathamanga, mwina osadziwa nkomwe kuti lidzagulidwa, pomwe lachiwirili likumveka ngati munthu amene wauzidwa kuti nkhaniyi uitambasule ikwane mabuku asanu. Awa ndi maganizo anga chabe, koma fungo lake ndi limenelo. Masamba opitirira 400 ntchito yake kusuntha anthu kuwaika pamalo poti buku lachitatu lidzayambire, kenako tsamba lomaliza wina watsegula chitseko, mtsikana wakuwa, basi yathera pomwepo. Kumeneko sikutisiya m'malere mwaluso ayi, nkutigulitsa theka la nkhani.

Chikuto chake nde chokongola heve, chofiira ndi golide, pashelefu chikuwala. Chikomekome cha nkuyu.

Mnzanga wina akuti ndine wovuta, akuti mabuku apakati amakhala choncho, ndidekhe lachitatu lidzakonza zonse. Mwina. Koma buku lomwe likufuna buku lina kuti lidzalipepesere ine sindilimvetsa, ndipo mphete ija yavalidwa kale, chitseko chija chathyoledwa kale, sungandiopsezenso ndi m'bandakucha ndikudziwa kuti mankhwala ake ali pachala. Amene mwalikonda sindikukunyozani, bwerani mundiuze chomwe mwaonamo mwina ine ndawerenga ndi mkwiyo. Koma mundiyankhenso ichi, mlonda wachikulire wa ku mochale uja, amene analumidwa kumapeto kwa buku loyamba akuteteza mtsikanayu, tinamusiya ali pabedi kuchipatala sitikudziwa ngati asanduke kapena afe, ndadikira chaka chathunthu kuti ndimve za iye. Buku lonseli dzina lake silinatchulidwe olo kamodzi.