Kusikelo tizifunsanso za mawu a mwana

Anzanga, nkhani iyi yandikhala pamtima kwa nthawi yaitali. Ndimathandiza nawo pa sukulu ina ya mkombaphala kuno ku Ntcheu, ndipo sipalephera kubwera mwana wa zaka zinayi kapena zisanu amene mawu ake ndi "amama" ndi "ayi" basi. Ukafunsa kwawo amati adzayankhula akakula, bambo akenso anachedwa. Ena amanong'onezana kuti makolo ake anamukhwimira kuti kachewere awayendere bwino. Koma ukatsegula buku lake la kusikelo, kulemera kwake kunalembedwa mwezi ndi mwezi, katemera yense analandira. Za kuyankhula palibe analembapo ngakhale mzere umodzi.

Ena mwa ana amenewa ali ndi ulumali wa ubongo. Ena anabadwa ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira, ena anachedwa kulira pobadwa, ena malungo aakulu anawafika mu ubongo n'kuwalanda mawu omwe anali atayamba kale. Ufiti palibepo.

Mayi wina wofufuza wa ku England, Sue Buckley, anayamba cha m'ma 1980 ku Portsmouth kuphunzitsa ana a Down syndrome kuwerenga akadali aang'ono, ena a zaka zitatu zokha. Anthu ankati n'zosatheka, mwana woti sakuyankhula bwino angawerenge bwanji? Iye anapeza kuti anawa amagwira msanga zimene aona ndi maso kuposa zimene angomva ndi makutu, ndipo mawu amene mwana wawaona pa kakhadi amayamba kutulukanso pakamwa pake. Chinanso chimene ofufuza ambiri amagwirizana n'choti anawa amamvetsa zambiri kuposa zimene angathe kunena. Mfundo imeneyi ndi imene ine imandiwawa, chifukwa timawanena ali pomwepo ngati kuti sakumva.

Tili ndi kamtsikana kena kotere. Ukakauza kuti "katenge kapu yako ukhale pa mkeka", kamapita, kusankha kapu yake pakati pa makapu onse, n'kukhala. Koma kakafuna madzi kankangolira, mwina kuluma mnzake, poti kanalibe njira youzira munthu. Tinayamba kumanena mawu uku tikusonyeza ndi manja: dzanja kukamwa ndiye phala, chikhato chopinda ngati kapu ndiye madzi. Tinadula katoni ya sopo n'kujambulapo nkhuku, mpira, mbale. Tsopano kamapinda kadzanja kake n'kunena "dzi". Kuluma kuja kunachepa.

Agogo ake poyamba anakana. Anati, "Aphunzitsi, mukamuzoloweza manja mwanayu sadzatsegulanso pakamwa." Nkhawa yawo ndikuimvetsa, ndi ya munthu wokonda mdzukulu wake. Koma zizindikiro zikamayenda limodzi ndi mawu sizitseka pakamwa, zimathandiza mawuwo kubwera. Njira yophunzitsira ndi zizindikiro za manja yotchedwa Makaton, imene inayamba ku Britain m'zaka za m'ma 1970, inamangidwa pa mfundo yomweyi, ndipo pophunzitsa sasiya kuyankhula.

Tsono chimene chimandidabwitsa n'choti chida choyezera kakulidwe ka mwana tili nacho chathuchathu. Dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake anakonza njira yoyezerayi, yotchedwa MDAT, konkuno ku Malawi, n'kuifalitsa mu 2010. Ili ndi zinthu 136 zoyeza mwana kuyambira ali wakhanda mpaka zaka zisanu ndi chimodzi: kayendedwe, kagwiritsidwe ntchito ka zala, chiyankhulo, ndi kakhalidwe ndi anzake. Anaikonza poona ana a m'midzi mwathu, osati a ku Ulaya, ndipo mayiko ena anaitengera. Nanga bwanji mayi wa ku Tsangano kapena ku Kasinje sanafunsidwepo kuti mwana wanu akunena mawu angati?

Ndikudziwa kuti alangizi a zaumoyo ntchito inawachulukira, ndipo akatswiri ophunzitsa kuyankhula m'dziko muno ndi owerengeka. Sindikupempha zazikulu. Mwana akakwana chaka ayenera kukhala akuyesa mawu oyamba, akakwana zaka ziwiri azilumikiza mawu awiri monga "amama madzi". Funso limeneli lingafunsidwe mwana ali lende pa sikelo pomwepo. Akaoneka kuti watsalira, choyamba ayezedwe makutu, chifukwa ana ambiri a Down syndrome amakhala ndi madzi m'kati mwa khutu ndipo amamva mwapatalipatali. Kenako makolo alumikizidwe ndi a MACODA, bungwe loona za anthu a ulumali lija kale linkatchedwa MACOHA, kapena a PODCAM, bungwe la makolo a ana a ulumali, komanso mphunzitsi wa ana a zosowa zapadera, mwa aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

Inu amayi ndi abambo amene muli ndi mwana wotere, musamutsekere m'nyumba mukamapita kudimba. Mutengeni, muzimuuza dzina la chilichonse chimene mwagwira, khasu, kabichi, ndowa, mobwerezabwereza, mukumuyang'ana kumaso. Mukafunsa funso dikirani, musamuyankhire. Ndipo mwezi uno mukapita kusikelo, nenani nokha kuti mwana wanga sakuyankhula, ndikufuna alembe m'bukumo.