Khoma la Berlin analigumula, koma akusunga chani kwenikweni?

Abale ndaona kuti ndilembeko izi chifukwa zikundizungulirabe m'mutu chibwerere ku Berlin. Mukudziwa kuti mzindawu unagawidwa pawiri, kuyambira pa 13 August 1961 mpaka pa 9 November 1989, khoma lozungulira West Berlin yense pafupifupi makilomita 155, mbali iyi akomyunisiti mbali inayo azungu a kumadzulo. Lero ukafika ukalifuna khomalo sulipeza mwachangu ayi, zambiri anagumula, m'misewu ina mwangotsala mizere iwiri ya miyala pansi yosonyeza kuti linkadutsa apa, galimoto zikungopondapo ngati palibe chinachitika.

Nde malo oyamba amene aliyense amakutengera ndi Checkpoint Charlie, chipata chomwe chinali chowolokera pakati pa mbali ziwirizi. Ine kunena zoona sizinandigwire mtima. Kanyumba ka asilikali kali pakati pa nseu paja si koyambirira, kenikeni komwe kanalipo khoma likugwa kali ku myuziyamu ya Allied Museum, apa anangomanga kotengera kakale kuti anthu azijambulitsa. Mashopu mbali zonse akugulitsa tizidutswa ta simenti topaka penti ati ndi khoma lenileni, mpaka ndinaseka ndekha kuti kodi khomali linali lalitali bwanji kuti zaka zonsezi silikutha kugulitsidwa?

Kumene ndinakhala chete ndi ku Bernauer Strasse. Mseu umenewu nyumba zake zinali kum'mawa koma ukangotuluka pakhomo waponda kumadzulo, nde atatseka malire anthu anayamba kudumpha m'mawindo. Mayi wina, Ida Siekmann, wazaka 58, anaponya kaye zofunda pansi kenako nkudumpha kuchokera pa windo la m'mwamba la nyumba yosanja, pa 22 August 1961, anamwalira tsiku lomwelo, mawa lake likanakhala tsiku lake lobadwa. Pamalopo pali khoma lachitsulo lokhala ndi timawindo tating'ono, m'kati mwake zithunzi za anthu omwe anafera pakhomali, onse pamodzi ndi osachepera 140. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana nkhope imodziimodzi, ena anyamata ang'onoang'ono tsitsi lopesa bwino ngati chithunzi cha pa sukulu, ndinangomva tsemwe. Panalinso tchalitchi chomwe chinatsekeredwa pakati pa makoma awiri, boma la kum'mawa linachiphulitsa mu 1985, nde pomanga kachalichi katsopano anasakaniza zibuma za chakale chija mu dothi la makoma ake. Zimenezo ndiye kusunga mbiri, osati tizidutswa ta mu shopu tija.

Maganizo anga ndi oti myuziyamu yabwino ya mzinda ngati uwu isamalimbane ndi simenti, simenti ilibe mawu. Ku Tränenpalast, pa siteshoni ya Friedrichstrasse pomwe achibale ankatsanzikana akulira wina akubwerera kumadzulo, anasunga tizipinda topanikiza tomwe munthu ankalowamo yekha kuti amuone pasipoti, ukalowamo chitseko nkutsekeka kumbuyo umamvetsa mantha aja popanda wina kukufotokozera. Za Stasi nazo, apolisi achinsinsi a boma la kum'mawa aja, anasiya matumba masauzande a mapepala ong'ambidwa pomwe ankafuna kubisa ntchito zawo, anthu akhala akulumikiza chidutswa ndi chidutswa kwa zaka, ndipo munthu amatha kupempha kuwerenga faelo yake nkupeza kuti amene ankamuneneza ndi neba kapena mnzake wapamtima. Eeh, ine kaya ndikanalimba mtima kuitsegula.

Koma pali chimodzi chomwe chinandinyansako, mwina ndi ine ndinayenda mothamanga. Nkhani yonse imamveka ngati kum'mawa kuja kunali Ajeremani okhaokha. Chonsecho anansi athu a ku Mozambique oposa 15,000 anakagwira ntchito m'mafakitale a East Germany kutsatira mgwirizano wa 1979, gawo la malipiro awo linkadulidwa ati akalilandira kwawo, khoma litagwa ambiri anabwezedwa ndalamazo osaziona. Mpaka pano amawatcha Madgermanes ndipo akhala akuguba ku Maputo Lachitatu lililonse kufuna ndalama zawo. Anthu amenewa ali ndi zithunzi, ma ID a ku fakitale, mapepala a malipiro, makalata a ana omwe anawasiya ku Germany, zonsezo zikungotha ndi chinyezi m'masutikesi pomwe chidutswa cha khoma chinapatsidwa kwa Mandela chili poyera ku Cape Town anthu akujambulitsa.

Sindikuti asiye kusunga khomalo, East Side Gallery, chigawo cha khoma chotsala chojambulidwa zithunzi cha kilomita imodzi ndi kanthu, ikhalepo, ana aone kutalika kwake. Koma akanati andipatse kachipinda kamodzi kokha ku Bernauer Strasse kuti ndiikemo zomwe ndikufuna, ndikanakwera ndege kupita ku Maputo Lachitatu, nkukapempha mdala mmodzi pa gulu lija kuti andibwereke pepala lake la malipiro.