Inu a m'chipinda cha makanda, tsitsani mawu

Ana anga, lero ndili ndi inu anamwino, azamba, okolopa ndi agadiyani amene mumalowa m'chipinda cha makanda obadwa masiku asanakwane. Uzamba ndaugwira mpaka kupuma, choncho musandiyese mlendo.

Sabata yatha ndinakaona chidzukulu changa pachipatala china, ndipo ndinabwerako mtima ukuwawa. Foni ikuimba nyimbo m'thumba, awiri akupatsana lipoti mokuwa wina uku wina uko, ndowa ikukwekwerezedwa pansi, alamu ikulira popanda woilabadira. Wina anatsamira pa incubator, kabokosi kofunditsira khanda, n'kumalemberapo faelo ngati tebulo. Mkatimo muli munthu wosakwana makilogalamu awiri!

Kumudzi mwana akakhala m'chikuta, ndani amasinja pafupi? Nanga inu ophunziranu mwatani?

Khanda limeneli likanakhala lili m'mimba, momwe phokoso limafika litafowoka. Makutu ake akumva, koma ubongo sunakhwime. Mukamenyetsa kachitseko ka incubator limadzidzimuka, mtima umathamanga, okosijeni m'magazi amatsika, ena mpaka amaleka kupuma kwa kanthawi. Tulo timene mwanayu amakulira timadukaduka. Mkaka umene mayi wavutika kuufinyira m'kapu umangothera kulira, sikelo osasuntha. Ineyo ndimawamvera chisoni amayiwo, chifukwa amaopa kukudzudzulani, poti mwana wawo ali m'manja mwanu.

Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena mu 1997 kuti phokoso m'zipinda zotere lisapitirire madesibelo 45 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Kucheza wamba kokha kumafika cha m'ma 60. Tsono ganizirani kuseka kwanu kwapakati pa usiku kuja. Ndipo makandawa kwathu kuno ndi ambiri: lipoti la 2012 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati ku Malawi ana 18 pa 100 alionse amabadwa masiku asanakwane, kuposa dziko lina lililonse.

Ndikudziwa kuti ndinu ochepa ndipo mumatopa. Koma kutsitsa mawu sikulira bajeti.

Inu asisita oyang'anira wodi, mlanduwu ndi wanu kwambiri. Kumata chipepala pakhoma sikuphunzitsa. Khalani pansi ndi aliyense wobwera kumene, wophunzira ndi wokolopa yemwe, mumuonetse kutseka kachitseko ndi manja awiri, mumuuzenso chifukwa chake. Lipoti lizikaperekedwa kutali ndi makanda. Mafoni azikhala pa silent. Alamu ikalira, thamangirani kwa mwanayo msanga. Ndipo masana patulani ola limodzi loti magetsi achepe, kukolopa kuyime, mayi amufungatire mwana wake pachifuwa, agone.