Tsiku limodzi ku Hartbeespoort landisandutsa wosakaza chuma

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, ndidakali kupatsana moni ndi anthu panja, bambo ena achikulire amene ndakhala ndikuwalemekeza kwa zaka zambiri anandigwira dzanja osalisiya, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve. Anati, "Achimwene, zithunzi zanu zija taziona. Ndalama zakuchulukirani eti? Munasiya nyanja yathunthu ku Mangochi, n'kubwera kuno ku Joni kudzaona damu?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa munthu wamkulu sumuyankha pagulu. Koma mtima unandiwawa, ndipo lero Lachitatu ukuwawabe. Mkazi wanga anangozyolika. Mwana wanga wamkazi, amene sabata yonse wakhala akufotokozera anzake kusukulu za phiri limene anakwera, anandifunsa tili m'takisi kuti, "Adadi, kodi tinalakwa kupita kuja?" Funso la mwanayu ndi limene landilembetsa zimenezi.

Mlandu wanga wonse ndi uwu. Loweruka lina mabanja awiri tinasonkherana ndalama za petulo, tinakwera galimoto ya mnzanga, tinanyamula mpunga ndi nkhuku zophika kunyumba pamodzi ndi botolo la Sobo limene linabwera pa basi kuchokera kwathu, n'kulowa msewu wa Malibongwe kudutsa ku Lanseria mpaka ku damu la Hartbeespoort. Kuchokera ku Randburg ulendo wake ndi wa ola limodzi basi. Tinanyamuka m'mawa, dzuwa lisanalowe tinali titabwerera m'nyumba zathu, ndipo Lolemba aliyense anali pantchito yake. Palibe amene anajomba, palibe amene anakongola, ndipo lendi ya mwezi umenewo inali italipidwa kale. Kusakaza chuma kumene ndikunenedwa nako n'kumeneku.

Zoti damu lija silingafanane ndi nyanja yathu ndikuzidziwa bwino kuposa amene anandinyozawo, chifukwa ine ndinakulira m'mbali mwa madzi. Madzi a ku Hartbeespoort ndi obiriwira, malo ena amanunkha, ndipo namasupuni waphimba mbali zina monga momwe amachitira mu Shire ku Liwonde. Mnzanga anatifotokozera kuti mtsinje wa Jukskei, womwe uja wodutsa ku Alexandra, umathira mu Crocodile, ndipo Crocodile ndi amene amadzaza damuli, kotero nyansi za mumzinda uno zimakathera kumeneko n'kumanenepetsa namasupuniyo. Ana anga anaphunzira zimenezi ataimirira pamtunda, akuona ndi maso. Anaona khoma limene linatseka mtsinje pakati pa mapiri awiri mu 1923, ndipo tinadutsa pamsewu wopapatiza woboola thanthwe umene magalimoto amadikirana mbali imodzi ithe kaye. Kenako tinakwera tingolo tolendewera pachingwe chachitsulo mpaka pamwamba pa phiri la Magaliesberg. Mkazi wanga, amene amaopa ngakhale makwerero a pa msika, anatsinzina ulendo wonse akupemphera chamumtima, koma titafika pamwamba ndi iye amene anakana kutsika msanga. Kwa zaka 9 zimene wakhala akuchapa ndi kusita zovala za anthu ena mumzinda uno, limenelo linali tsiku loyamba kumuona atakhala pansi masana popanda womuitana. Ndiye munthu aziti ndalama imeneyo inapita pachabe?

Ndikunena mosabisa mawu kuti kutuluka tsiku limodzi kukaona malo si kuwononga ndalama. Amalawi ambiri kuno tili ndi matenda oganiza kuti munthu wabwino ndi amene akuvutika nthawi zonse, ndipo aliyense wooneka akupuma timamuyesa wopusa kapena wonyada. Bambo amene anandinyozawo anabwera kuno ine ndisanakwatire, akwanitsa zaka zoposa 20, koma Joni amene akumudziwa ndi chipinda chawo, renki ya matakisi ya ku Bree, geti la kuntchito, tchalitchi, ndi Park Station pokatumiza katundu. Zaka 20 munthu akuzungulira malo asanu okhaokha ngati ng'ombe yapangolo, kenako n'kumaseka mnzake amene wasuzumira kuseri kwa phiri. Akadzabwerera kumudzi adzukulu akadzawafunsa kuti dziko limene munathera moyo wanu wonse ndi lotani, adzafotokoza chiyani? Adzafotokoza mzere wa matakisi?

Azigogo athu amene ankabwera ndi Wenela ndi Theba ndimawamvetsa. Iwo ankatsika sitima kapena ndege n'kulowetsedwa m'komboni ya mpanda, kuchoka apo n'kutsikira pansi pa mgodi, ndipo munthu wakuda sankayenda mwachisawawa popanda chitupa. Golide amene anapezeka kuno mu 1886 anakumbidwa ndi manja awo, mzinda wonsewu unamera pamsana pawo, koma ambiri anabwerera kwawo ndi sutikesi, njinga ndi chifuwa, osaonako dziko limene analilemeretsa. Iwo anatsekeredwa ndi lamulo. Ife watitsekera ndani? Tadzimangira tokha komboni m'mutu, tadziikira tokha mlonda pageti, ndipo mlondayo ndi pakamwa pa Mmalawi mnzathu. Inde, alipo ena amene mapepala awo sali bwino ndipo amaopa kukumana ndi apolisi pamsewu, alipo ena ogwira ntchito mpaka Loweruka, amenewo sindikuwanena. Ndikunena amene mapepala ali nawo, tsiku lopuma ali nalo, koma amasankha kukhala pakhonde n'kumawerengera anzawo ndalama.

Ndipo nkhani ya ndalamayi ndi bodza lenileni, chifukwa malo ambiri abwino ali pafupi ndipo ena salipiritsa n'komwe. Ku Union Buildings ku Pretoria, nyumba za boma zimene zinamalizidwa mu 1913, munthu umalowa m'minda ya maluwa ija ulere, n'kujambulitsa pansi pa chiboliboli cha Mandela chotalika mamita 9 chimene anachivundukula mu Disembala 2013. Ukapita mu Okutobala umapeza misewu yonse ya kumeneko yachita bii ndi maluwa a jakaranda. Sitima ya Gautrain yochokera pa Park Station yomweyo imene timapitapo mwezi ndi mwezi imakufikitsa ku Pretoria ola lisanakwane. Ku Roodepoort, kumene ambiri a ife timapitako kukagwira ganyu wa m'minda ya azungu, kuli munda wa zomera wa Walter Sisulu, ndipo m'menemo muli mathithi a Witpoortjie otalika mamita pafupifupi 70, pathanthwe pake pamakhala ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga zisa pamenepo chaka ndi chaka. Munthu amatchetcha kapinga wa bwana tsidya lina la mpanda zaka 10, osadziwa kuti kuseri kwake kuli mathithi. Ku Soweto nako, kumene takisi imodzi yokha imakufikitsa, ndi angati a ife amene anapondapo mumsewu wa Vilakazi, kumene kuli nyumba ya Mandela ndi ya Desmond Tutu, kapena kulowa m'nyumba yokumbukira Hector Pieterson ndi ana asukulu anzake amene anawomberedwa ndi apolisi pa zionetsero za pa 16 Juni 1976? Tsiku limeneli timapuma nawo chaka chilichonse, koma ena amangolidziwa ngati tsiku lochapa mabulangete.

Malo amene ine ndimawakonda kuposa onse ndi ku mapanga a Sterkfontein ndi ku Maropeng, kumene amaonetsa mbiri ya anthu akalekale, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Ku Sterkfontein n'kumene wasayansi Robert Broom anapeza chigaza cha cholengedwa chakale chofanana ndi munthu, chotchedwa Mrs Ples, mu 1947, chimene akatswiri amati chakhala zaka zoposa 2 miliyoni, ndipo dera lonselo bungwe la UNESCO linalilemba m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1999. Anthu amakwera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku America, kulipira ndalama zankhaninkhani, kudzaona malo amene ife tingafikeko tisanamalize kumvera nkhani za pa wailesi. Mwana wanga wamwamuna anaphunzira za malo amenewa m'kalasi, anzake ambiri anali atapitako kale ndi makolo awo, iye yekha ndi amene ankangomvera ngati mlendo. Titapita chaka chatha anatsika m'phanga muja atavala chisoti cholimba, anawerama pamalo opanikiza, anatuluka maondo ali fumbi lokhalokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo phunziro limene ankalida linasanduka lokondedwa. Ndikudziwa kuti ena a kutchalitchi kwathu amati za mafupa akalezi zimatsutsana ndi Baibulo. Chabwino, pitani mukaone, mukatsutse muli pomwepo mafupawo ali patsogolo panu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Inetu ndinapita, ndinabwerako, ndipo Lamulungu lotsatira ndinaimba nawo kwaya monga mwa nthawi zonse.

Chimene chikundikwiyitsa kwambiri n'chakuti owerengera anzawo ndalama za petulowa si anthu osunga chuma ayi. Ndimawaona Lachisanu lililonse. Ndalama imene banja langa lonse linaonera phiri, wina amaimwa usiku umodzi pa shabini, wina amaibetchera mpira wa ku England pa foni n'kudyedwa, wina amagulira suti yachitatu yoti akaonekere pa ukwati wa munthu amene sakumudziwa n'komwe. Zimenezo palibe amene amazitcha kusakaza. Botolo likatha anthu amati mwamuna wapumako, koma bambo akatenga mkazi wake ndi ana kukapuma nawo limodzi, amati wayamba chizungu ndipo waiwala kwawo. Kwathu ine sindinaiwale. Mayi anga amalandira ndalama zawo mwezi uliwonse osadumphitsa, nyumba yawo ili ndi malata chifukwa cha thukuta langa, feteleza wa chaka chino ndinatumiza mvula isanagwe, ndipo ana a malemu mlongo wanga ali pasukulu ndi fizi yochokera m'thumba langa. Ndikamaliza zonsezo n'kutsala ndi kangachepe, kodi ndikapemphe chilolezo kwa akuluakulu a mpingo kuti ndikaonetse ana anga mathithi? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Tonse tikudziwa mmene ambiri a ife timabwererera kumudzi. Uthenga umabwera pa gulu la WhatsApp usiku, timasonkha ma R50 ndi ma R100, bokosi limakwezedwa pa ngolo kumbuyo kwa galimoto, n'kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza. Umenewo ndiye ulendo wokhawo umene Amalawi timagwirizana popanda wonyoza mnzake. Munthu amene moyo wake wonse sanaoneko ngakhale mtsinje wa Vaal amayenda makilomita oposa 1,500 ali chigonere, ife n'kumati wapuma. Ine ndikufuna kupumako ndikadali ndi maso. Ana angawa akukulira kuno, Chizulu amalankhula kuposa ine, ndipo sindikufuna kuti adzakule akuganiza kuti mwana wa Mmalawi malo ake ndi kuseri kwa nyumba ya bwana, pamene mapiri, madamu ndi nyama za kutchire ndi za ana a anthu ena. Mwezi wamawa tikupita ku Cullinan, kum'mawa kwa Pretoria, kumene mu 1905 anakumba dayamondi wamkulu uja wa makarati 3,106 amene zidutswa zake zili pa ndodo ndi chisoti cha mafumu a ku Britain. Zithunzi ndidzaikanso, ndipo amene zimamupweteka m'maso asadzatsegule.

Pamene ndafika apa ndinenenso za inu amene mumati tili limodzi. Ulendo wa ku Hartbeespoort uja sunali wa mabanja awiri poyamba. Ndinalengeza pagulu kudakali milungu itatu, anthu 17 analemba mayina, ena mpaka kufunsa ngati kudzakhale kuwotcha nyama, ndipo ine ndi mnzanga tinakambirana kale ndi mwini minibasi. Tsiku losonkha ndalama litafika mafoni onse anazima. Mmodzi anayankha Lachisanu usiku kuti agogo ake adwala, agogo omwe aja tinawasonkhera chipepeso chaka chatha. Wina anatiuza kuti timudikire pa sitolo ya mafuta 7 koloko, tinakhala pamenepo ndi ana mpaka 9 koloko, iye akungoti ndili m'njira pamene kumbuyo kukumveka madzi a m'bafa. Titabwerako, anthu omwewo ndi amene anayamba kupempha kuti ndiwatumizire zithunzi za phiri zopanda nkhope zathu, ndipo chimodzi ndachiona kale pa Facebook ya munthu wina atalembapo kuti Mulungu ndi wabwino. Za ku Cullinan ndalama ndikulandira mpaka Lachitatu lomaliza la mwezi uno, galimoto idzanyamuka 7 koloko yeniyeni, ndipo sindidzaimbira munthu foni.