Pemphero Loyamika Namalenga Chifukwa cha Nyanja

Atate wathu wakumwamba, Namalenga, Inu amene munasonkhanitsa madzi pamalo pake ndi kuwaikira malire kuti mtunda uoneke, tabwera pamaso panu kudzakuyamikani chifukwa cha nyanja zikuluzikulu zamchere zimene zazinga dziko lonse lapansi. Ena mwa ife amene tikupemphera pamodzi pano tinabadwira pafupi ndi gombe, ndipo mkokomo wa mafunde tinauzolowera tisanadziwe kuyankhula. Ena sitinaonepo nyanja yamchere ndi maso athu, timangoiona pazithunzi. Komabe tonsefe timadya, timamwa ndiponso timapuma chifukwa cha chifundo chanu chimene chimatipeza kudzera m'madzi amenewa, ndiye tilandireni tonse pamodzi ndipo mumve pemphero lathu.

Tikaganizira kukula kwa nyanja, Ambuye, kudzikuza kwathu kumatha mphamvu. Mtunda umene timaulimbirana, umene taulemba malire ndi kuukhetsera magazi, ndi gawo lochepa la dziko lanu, pakuti nyanja zaphimba pafupifupi magawo 71 pa magawo 100 alionse a dziko lapansi, ndipo nyanja ya Pacific payokha ndi yaikulu kuposa mtunda wonse ukaphatikizidwa pamodzi. Madzi a m'mitsinje, a m'zitsime, a pansi pa nthaka, ngakhalenso madzi oundana a ku Antarctica ndi ku Greenland, onse pamodzi ndi magawo atatu okha pa 100 a madzi amene munaika padziko lino, ndipo ena onse ali m'nyanja zamchere.

Tikukulemekezaninso chifukwa cha kuya kwake. Ku Mariana Trench, chigwa cha pansi pa nyanja kumadzulo kwa Pacific, nyanja ndi yakuya mamita pafupifupi 11,000, moti phiri la Everest, limene ndi lotalika mamita 8,849, litati liikidwe mmenemo, nsonga yake ingamire ndipo pamwamba pake pangatsale madzi akuya makilomita awiri. Mu 1960 Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsikira kumeneko m'chombo chotchedwa Trieste, koma atafika pansi anangokhalako mphindi pafupifupi 20 n'kubwerera. Malo amene anthu olimba mtima anawafika movutikira chonchi, Inu mumawaona tsiku ndi tsiku, ndipo palibe kachilombo kokwawa m'matope a kumeneko kamene simukadziwa. Kuwala kwa dzuwa kumazilala munthu akangotsika mamita 200, ndipo kupitirira mamita 1,000 kuli mdima wandiweyani, kuzizira ndi kulemera kwa madzi kumene kungaphwanye thupi la munthu. Koma mumdima momwemo munalengamo nsomba ndi zamoyo zina zimene zimatulutsa kuwala m'matupi awo, zina pofuna kukopa chakudya, zina pofuna kusokoneza adani, zina poitana zinzawo. Kwa mibadwo yosawerengeka zakhala zikuthwanima popanda munthu woziona kapena kuziyamikira. Apa mwatiphunzitsa chinthu chimene sitifulumira kuchivomereza, chakuti simunakongoletse chilengedwe pofuna kusangalatsa maso athu okha ayi. Munachikongoletsa chifukwa Inu mwini mumakondwera ndi ntchito ya manja anu, ndipo ife tangololedwa kuonako pang'ono.

Zikomo, Atate, chifukwa cha mvula. Dzuwa limatenthetsa nyanja, nthunzi imakwera n'kusanduka mitambo, mphepo imakankhira mitamboyo kumtunda, mvula imagwa pa minda ndi pamapiri, kenaka mitsinje imabwezera madziwo kumene anachokera. Mlimi wokhala kutali kwambiri ndi gombe akamayang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, amakhala akudikira mphatso yochokera kunyanja, ngakhale iye sangaganize choncho. Zikomonso chifukwa cha tizomera ting'onoting'ono toyandama pamwamba pa nyanja, tosaoneka ndi maso, timene timatulutsa pafupifupi theka la mpweya wa okosijeni umene umapangidwa padziko lapansi. Zikomo chifukwa cha madzi amene amasefukira kugombe n'kubwereranso kawiri pa tsiku m'malo ambiri, pomvera mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa, mpaka ku Bay of Fundy m'dziko la Canada amakwera ndi kutsika mamita pafupifupi 16, ndipo salakwitsa nthawi yake.

Landirani matamando chifukwa cha zamoyo zimene munadzaza m'madzimo. Namgumi wamkulu kuposa onse amatalika mpaka mamita 30, ndipo palibe nyama ina yamoyo lero yofanana naye, koma mumamudyetsa ndi tinkhanu ting'onoting'ono tochepa kuposa chala cha munthu. Anamgumi ena amaimba pansi pa madzi, ndipo mawu awo amamveka kutali zedi. Kamba wamkazi wa m'nyanja amayendayenda zaka zambiri m'madzi akutali, koma nthawi yoikira mazira ikakwana amabwerera kudera lomwelo kumene iye anaswedwera, popanda womulozera njira. Kambalame kotchedwa Arctic tern, kolemera magalamu pafupifupi 100 okha, kamauluka chaka ndi chaka kuchokera kumpoto kwenikweni kwa dziko kukafika ku Antarctica n'kubwereranso. Nanga matanthwe a korali, amene amamangidwa pang'onopang'ono ndi tizilombo tofewa? Ku Australia tizilombo timeneti tinamanga Great Barrier Reef, matanthwe otalika makilomita pafupifupi 2,300. Matanthwe a korali a padziko lonse sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umapeza chakudya kapena pobisala pamenepo. Ndani akanaganiza zopereka ntchito yaikulu chonchi kwa amisiri aang'ono chonchi, kupatula Inu nokha?

Munaikanso mumtima mwa munthu chilakolako chofuna kudziwa chimene chili kutsidya kwa madzi. Makolo a anthu a ku Polynesia anawoloka Pacific pa ngalawa zoyendera mphepo, opanda kampasi kapena mapu, akungotsata nyenyezi, kayendedwe ka mafunde, maonekedwe a mitambo ndi kumene mbalame zinkalowera madzulo, mpaka anafika ku Hawaii, ku Rapa Nui ndi ku New Zealand. Ena anachoka kuzilumba za ku Indonesia n'kukafika ku Madagascar, ndipo chiyankhulo cha anthu a pachilumbacho chikuchitirabe umboni ulendo umenewo. Amalonda a ku Arabia, ku India ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa ankadikira mphepo yosintha ndi nyengo kuti iwapititse ndi kuwabweza. Lero katundu woposa magawo 80 pa 100 a malonda a pakati pa mayiko amayenda pa sitima zapamadzi, anthu oposa 3 biliyoni amadalira nsomba kuti matupi awo apeze zakudya zomanga thupi, ndipo ngakhale pemphero lino, kuti lifike kwa abale athu a kutsidya kwa nyanja, likudutsa m'nthambo za intaneti zimene zinayalidwa pansi pa madzi.

Koma sitingakuyamikeni moona, Ambuye, tikabisa misozi imene yagwera m'nyanja zomwezi. Tikukumbukira ana a mu Africa oposa 12 miliyoni amene anakwezedwa m'zombo atamangidwa maunyolo kuti akagulitsidwe kutsidya kwa Atlantic, ndipo pafupifupi 2 miliyoni mwa iwo anafera panjira n'kuponyedwa m'madzi opanda maliro, opanda manda. Tikukumbukiranso ena ambiri amene anatengedwa ukapolo kudzera m'nyanja ya India. Amene anawagula analemba chiwerengero chawo m'mabuku a malonda, koma mayina awo munawasunga ndinu. Uchimo umenewo sunali wa nyanja, unali wa anthu. Tikukumbukira anthu oposa 220,000 amene anafa pa 26 Disembala 2004, pamene chivomezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra chinautsa mafunde a tsunami amene anasesa magombe a mayiko ambiri. Tikukumbukira amene anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu 2023, amene anayambira kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yonse ya India, n'kukasakaza Madagascar, Mozambique ndi Malawi, kufikira anthu a kumapiri amene sanaponde gombe lamchere chibadwire. Tikukumbukiranso zikwi za amuna, amayi ndi ana amene amira m'nyanja ya Mediterranean pothawa nkhondo ndi umphawi, atapanikizana m'mabwato osayenera ulendo wotero. Tonthozani mabanja amene mpaka lero alibe manda oti akalirepo, ndipo pa mafunso amene sitingathe kuwayankha, tipatseni chikhulupiriro chakuti palibe amene anamira Inu osamuona.

Tichitireni chifundo, pakuti nyanja imene tinkaiyesa yaikulu moti singavulale, taivulaza ndithu. Taisandutsa dzala lotayamo zonse zimene sitikuzifunanso. Chaka chilichonse matani mamiliyoni a pulasitiki amalowa m'nyanja, ambiri atatengedwa ndi mitsinje kuchokera kumtunda, ndipo akamba amameza mapepala a pulasitiki powayesa chakudya, mbalame zimadyetsa ana awo zidutswa zake, maukonde otayidwa amapitiriza kukola nsomba popanda woziwonjola. Tapha nsomba mopyola muyeso. Kugombe la Newfoundland, ku Canada, kunali nsomba za cod zochuluka zedi zimene zinadyetsa anthu kwa zaka mazana ambiri, koma zombo zikuluzikulu zinakokolola mpaka mu 1992 boma la Canada linaletsa usodzi wake, ndipo anthu zikwi makumi angapo anataya ntchito nthawi imodzi. Utsi wa mafakitale ndi magalimoto athu nawo ukulemetsa nyanja, pakuti nyanja imayamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wa kaboni umene timatulutsa, komanso magawo oposa 90 pa 100 a kutentha kowonjezereka kumene mpweyawo umatsekereza padziko. Yatiteteza mwakachetechete kwa zaka zambiri, ndipo tsopano zizindikiro za kutopa kwake zikuoneka. Madzi akatentha mopitirira, korali amataya tizomera tokhala mkati mwake timene timamudyetsa ndi kumupatsa mtundu, n'kuyera mbuu, ndipo kutenthako kukapitirira amafa, monga zinaonekera ku Great Barrier Reef mu 1998, mu 2016, mu 2017 ndi zaka zina zotsatira. Kuchokera mu 1900 nyanja yakwera ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo anthu a kuzilumba za Tuvalu, Kiribati ndi Maldives, amene utsi wawo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mayiko olemera, ndi amene akuona madzi amchere akulowa m'minda ndi m'zitsime zawo. Chimenechi si chilungamo, Ambuye, ndipo musalole kuti tichizolowere.

Tikupempherera asodzi amene amanyamuka kusanache pa mabwato ang'onoang'ono, kuti muwabweze kugombe ali amoyo ndiponso ali ndi chodyetsa ana awo, ndipo muwateteze ku zombo zimene zimaba nsomba usiku m'madzi a mayiko osauka. Tikupempherera amalinyero amene amatha miyezi yambiri osaona mabanja awo kuti katundu afike m'madoko, ndi onse amene amalowa m'namondwe kukapulumutsa anzawo. Dalitsani akatswiri amene amayeza kutentha kwa madzi ndi kuchenjeza anthu namondwe asanafike, komanso amene akubzalanso mitengo ya mangrove m'magombe, mitengo imene imaswa mphamvu ya mafunde ndi kusunga tinsomba tisanakule, monga nkhalango ya Sundarbans imachitira ku Bangladesh ndi ku India.

Tikupereka m'manja mwanu atsogoleri a mayiko. Mu 2023, ku United Nations, iwo anagwirizana pangano loteteza zamoyo za m'nyanja zimene zili kunja kwa malire a dziko lililonse, dera limene ndi pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a nyanja zonse. Tikukuthokozani chifukwa cha pangano limeneli, ngakhale tikudziwa kuti kusaina chikalata n'kosavuta kusiyana ndi kuletsa chombo cha munthu wolemera. Apatseni kulimba mtima kuti zimene analonjeza azichite, ndipo asagulitse tsogolo la ana chifukwa cha phindu la nyengo imodzi. Ifenso, amene tilibe mipando m'misonkhano yotero, tithandizeni kusamala zimene timataya mumtsinje ndi m'ngalande, kukhutira ndi zimene zatikwanira, ndi kuyankhula pamene ena akuwononga.

Pomaliza tikupempherera ana athu ndi adzukulu athu amene sanabadwe. Lolani kuti adzapeze nyanja ili ndi nsomba, anamgumi akuimbabe, korali ali ndi mitundu yake, ndiponso zilumba zili ndi anthu ake. Amene adzaime pagombe koyamba muwapatse mantha oyenera ndi chimwemwe, ndipo amene sadzafikako muwadziwitse kumene mvula yawo imachokera, kuti onse adzakutamandeni monga tikukutamandirani ife lero. Tikupempha zonsezi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, amene anaitana asodzi kuti akhale ophunzira ake, ndiponso analamula mphepo ndi mafunde ndipo zinamumvera. Amen.