Makiyi mwalandira, nanga dzina lili pamapepala ndi la ndani?

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa nkhani yake ikukhudza maliro a m'banja mwathu. Koma dzulo mnzanga wina waika chithunzi pano atatsamira Vitz yomwe wangogula kumene, anthu nkumamuyamikira, ena mpaka kumupempha lifiti. Nditamufunsa kumbali kuti, "Achimwene, dzina mwasintha?" anandiyankha kuti, "Tipangabe, eni ake ndi munthu wabwino, sangathawe." Mtima wanga unagunda. Mawu amenewa ndi omwe ankanena malemu alamu anga.

Alamu anagula Sienta kwa bambo ena a kutchalitchi kwawo. Ndalama yake sinabwere mophweka: anagulitsa soya wa zaka ziwiri, achemwali anga nkuwonjezera ya ku banki mkhonde. Tsiku logula analemberana kalata papepala lothothola m'kope, mboni ziwiri zinasaina, anapatsana blue book ndi makiyi, kenaka anapemphera. Galimoto ija inayamba kunyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Mitundu, ndipo inadyetsa banja, inalipira fizi ya ana atatu, inafolera nyumba ndi malata. Zaka zitatu zinadutsa popanda vuto lililonse. Pa rodibuloko wapolisi amayang'ana madisiki a pagalasi, wa inshuwalansi ndi wa COF (wosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), nkupempha laisensi ya woyendetsa. Zikakhala bwino amakukwezera dzanja kuti pita. Palibe tsiku limene wina anawafunsa alamu kuti galimotoyi ili m'dzina la ndani, ndiye nawonso analeka kudzifunsa.

Anamwalira mwadzidzidzi, atangodwala masiku anayi. Titamaliza za maliro, achemwali anatulutsa envelopu ya khaki imene ankasungiramo mapepala ofunika, ati tione momwe tingaikire galimoto m'dzina lawo kuti dalaivala apitirize kuyenda nayo, ana asasiye sukulu. Dzina limene tinalipeza silinali la alamu, zomwe tinkayembekezera kale. Chimene chinatifooketsa maondo nchakuti silinalinso la bambo a kutchalitchi aja. Linali la munthu wachitatu, yemwe anaitanitsa galimotoyo kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, nkuigulitsa kwa bambo aja, iye nkupita ku Joni. Nawonso bambo aja sanasinthe dzina. Galimoto inagulitsidwa kawiri, koma kwa boma inali isanagulitsidwepo nkamodzi komwe.

Apa mpamene achibale ena a kuchimuna anaonera mpata. Mmodzi anaimirira pabwalo nkunena kuti galimotoyi malemu anangoisunga, ndalama yambiri inali yake. Umboni analibe, koma nafenso tinangogwira kapepala ka m'kope kosainidwa ndi munthu amene dzina lake silikupezeka paliponse m'mabuku a boma. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza namfedwa ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ndi lamulo labwino, ndimaliyamikira. Koma kuti likuthandize, uyambe waonetsa kuti chinthucho chinalidi cha malemu. Ife pepala lathu linkaloza munthu wamoyo amene ali ku Johannesburg.

Tinasaka nambala yake miyezi iwiri, kudzera kwa msuweni wa mkazi wake. Mulungu ndi wabwino, tinapeza kuti ndi munthu woona mtima. Anavomera kuti galimoto anagulitsadi ndipo ndalama yake analandira yonse, koma anati kumudzi abwera mu Disembala. Miyezi yonseyo Sienta inangokhala pansi pa mtengo wa mango, matayala akuphwa, batire itafa, chifukwa mkangano utabuka palibe amene analimba mtima kuitulutsa. Mwana woyamba anakhala pakhomo teremu yathunthu. Ndimaganizabe mpaka lero: bwanji munthu uja akanakhala wadyera nkunena kuti galimoto ndi yake? Bwanji akanamwalira ku Joni komweko, ana ake nkubwera ndi mapepala a boma m'manja? Tikanawauza chiyani?

Maganizo anga ndi awa, ndipo sindikuwanena monong'ona. Chimene chikutilepheretsa kusintha umwini wa galimoto nthawi zambiri si ndalama ayi. Ndi manyazi. Magalimoto ambiri timagulana tokhatokha: kwa abwana kuntchito, kwa mkulu wa mpingo, kwa amalume, kwa mnzathu amene tinakulira limodzi. Ndiye kumuuza munthu wotere kuti "tiyeni ku Road Traffic lero lomwe" kumaoneka ngati ukumunena kuti ndi wakuba. Timasankha kukhala chete kuti ubale usaonongeke. Koma taganizani, pamene wogulitsa akuwerenga ndalama zanu imodziimodzi pamaso panu, kapena akudikira uthenga wa kubanki pafoni asanakupatseni makiyi, mumakhumudwa? Simukhumudwa, mumadziwa kuti ndi mmene malonda amayendera. Nanga bwanji iye akhumudwe inu mukafuna chanu? Iye mbali yake watenga yonse tsiku lomwelo. Inu mwatenga chitsulo chokha, umwini mwausiya m'thumba mwake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndipo ubale umene timautetezawo ndi umene umadzaonongeka koposa. Bambo a kutchalitchi aja lero sapatsana moni ndi achemwali anga, chonsecho palibe amene anabera mnzake.

Ambirife tikuganizabe ngati kale, nthawi imene blue book linali kabuku kongopatsirana m'manja. Zinthu zinasintha. Kuyambira 2015, nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, yomwe timaitcha Road Traffic, imagwiritsa ntchito makina a MalTIS, momwe aliyense wokhala ndi galimoto kapena laisensi amalembetsa, kujambulidwa nkhope, kudinda zala, nkupatsidwa khadi la Traffic Register. Galimoto imamangiriridwa ku dzina la munthu m'kompyutamo. Ife tsiku limene tinakasintha, munthu wa ku Joni uja anayenera kubwera yekha nkuika chala chake pamakina. Tanthauzo lake nlakuti chimene mukufuna kwa wogulitsa si siginecha yokha imene angakutumizireni pa basi. Mukufuna munthuyo ndi thupi lake. Ndipo anthu amasamuka, amapita kunja, amadwala, amasintha nambala, amakwiya, amamwalira. Tsiku lililonse limene mwazengereza, munthuyo akutalikira.

Palinso china chimene anthu sachiona. Ulendo wokasintha dzina ndi umene umaulula zobisika za galimoto. Apolisi amayang'ana nambala ya injini ndi ya chasisi ngati zikugwirizana ndi zolembedwa, komanso ngati galimotoyo sinabedwe kuno kapena kunja. Ngati inalowa m'dziko msonkho wa MRA usanalipidwe bwino, kapena inalowa mwaulere pa mwayi wa munthu wina amene saloledwa kungoigulitsa, nkhaniyo imatulukira pamenepo. Ngati inagulidwa pa ngongole ndipo banki ikadali ndi gawo pa iyo, mudziwiranso pomwepo. Zonsezi ndi bwino kuzimva ndalama zanu zikadali m'thumba. Wogulitsa amene akuti "ndatanganidwa, tengani kaye tidzapanga mwezi wamawa," kapena akukutsitsirani mtengo bola musatchule za Road Traffic, wakuuzani kale kanthu. Mverani.

Inunso ogulitsa musaganize kuti nkhaniyi ndi ya ogula okha. Galimoto imene munagulitsa chaka chatha ikagunda mwana usiku nkuthawa, anthu amene aona amalemba nambala. Apolisi akailowetsa m'makina, dzina lotuluka ndi lanu, ndipo khomo limene adzagogode ndi lanu. Ikagwiritsidwa ntchito pa umbanda, chimodzimodzi. Mwina pamapeto pake mudzamasuka poonetsa kalata yogulitsirana ija, ngati simunaitaye, koma mudzakhala mutayenda kupolisi kangati, mutagona tulo totani? Ndipo mwina amene munamugulitsa uja anagulitsanso kwa wina amene simunamuonepo. Ine sindingalole kuti dzina langa lizithamanga pa M1 usiku, likuyendetsedwa ndi munthu amene sindikumudziwa.

Za njinga zamoto za kabaza ndiye ndingonena pang'ono, chifukwa kumeneko zinthu zafika poipa. Mnyamata amasonkha ndalama chaka chonse, nkugula njinga kwa mnzake pasiteji popanda ngakhale kapepala ka m'kope kaja. Ikabedwa nkupezeka, alibe chosonyeza kuti ndi yake. Amangolira.

Ndikudziwa zimene ena munene m'munsimu, ndipo sindikutsutsani. Kusintha dzina kumadya ndalama pa nthawi imene wangokhuthula zonse pogula. Kumadya tsiku, mwina masiku. Munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ulendo wokafika kumene kuli ofesi si waufupi, ndipo ayende awiri, wogula ndi wogulitsa. Ndikanakonda boma litafikitsa ntchito imeneyi pafupi ndi anthu m'maboma onse, chifukwa lamulo lovuta kulitsata limabala anthu olizemba. Koma pamene tikudikira zimenezo, tisadzinamize kuti kuzemba nkotchipa. Ife tinataya ndalama ya miyezi isanu ndi iwiri ya galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, kuwonjezera batire ndi matayala, pofuna kupulumutsa ndalama imene alamu akanaipeza m'masiku ochepa.

Ndipo chonde, njira ya madobadoba si yankho. Munthu akakupezani panja pa geti nkukuuzani kuti "bwana, zimenezo timapanga popanda mwini wake, ingondipatsani mapepala ndi kangachepe," dziwani kuti akukulonjezani chinthu chimene dongosolo linapangidwa kuti chisatheke. Mwina athawa ndi ndalama yanu pamodzi ndi mapepala enieni. Mwina akubweretserani pepala looneka bwino limene m'makina mulibe. Kapena zitheka ndithu mwachinyengo, ndiye inu mwasanduka mbali ya mlandu. Lowani nokha, funsani wogwira ntchito wa mkatimo, lipirani kumene akuuzani kuti mulipire, risiti musunge.

Mmene ndimachitira ine tsopano nkosavuta. Tisanagwirizane mtengo, timayamba tagwirizana kuti za kusintha dzina alipira ndani, kuti pasadzakhale kukokana. Ndimayerekeza dzina la pamapepala a galimoto ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akundigulitsa. Zikasiyana, ndimamuuza kuti abwere naye mwini dzinalo, apo ayi malonda atha. Ndipo ndalama sindipereka yonse: gawo lomaliza ndimapereka titatuluka mu ofesi, dzina langa litalowa. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezi, chifukwa nayenso zikumumasula.

Amayi amene muli pabanja, pitani mukatsegule envelopu ija lero, bambo akadali moyo. Werengani dzina. Si kuwafunira imfa, ndipo asakuuzeni choncho. Achemwali anga akanawerenga pepala lija chaka choyamba, bambo a kutchalitchi akanamupeza munthu uja asanakwere basi ya ku Joni.

Achimwene a Vitz, ndikudziwa muwerenga izi ndipo mwina mukhumudwa kuti ndaziika pagulu, koma dzina lanu sindinatchule. Lolemba ndapempha tchuthi kuntchito. Aimbireni eni ake aja madzulo ano, muwauze atenge khadi lawo ndi chiphaso cha unzika. Ndidzakupezani pakhomo 7 koloko m'mawa, mafuta ndithira ine.